Khamu la pa ngozi limafuna woligawira ntchito

Ngozi ikagwa pa msewu wa M1, kaya ndi pa Chinkhoma, pa Chatoloma kapena pa Nkhamenya, amene amafika msanga ndi amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, anyamata a kabaza ndi anthu a m'nyumba zoyandikana. Apolisi ndi ambulansi amabwera pambuyo, ndipo malo akakhala kutali ndi pa boma pamatha ola lathunthu asanatulukire. Nthawi yonseyo moyo wa wovulala uli m'manja mwa khamu. N'chimodzimodzi chigafa chikagwira moto, munthu akagwera m'chitsime, kapena anthu akapanikizana pa chipata cha bwalo la mpira.

Ambiri timakhulupirira kuti zinthu zikavuta anthu amabalalika mutu, aliyense n'kuliyatsa liwiro akuponda mnzake. Amene anafufuza nkhaniyi anapeza zina. John Drury wa ku yunivesite ya Sussex ndi anzake anamva maumboni a anthu opulumuka ku mabomba amene anaphulika mu London pa 7 Julaye 2005, ndipo zimene zinkamveka mobwerezabwereza ndi za anthu osadziwana akupatsana madzi, kumangana mabala ndi kulimbitsana mtima mumdima wa njanji za pansi pa nthaka. Mu 2019 Richard Philpot ndi anzake anaonera mavidiyo 219 a mikangano ojambulidwa ndi makamera a m'misewu ya Amsterdam, Lancaster ndi Cape Town. Pa mikangano 10 iliyonse, pa 9 panapezeka munthu woleretsa, ndipo oonerera akachuluka mwayi woti wina alowererepo unkakula. Kwathu kuno namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche mu Malichi 2023, oyamba kufukula anzawo m'matope ku Chilobwe anali anansi, ndi makasu, mafosholo ndi manja.

Mtima wothandiza ulipo ndithu. Chimene chimasowa ndi dongosolo. Anthu makumi asanu amafuna kunyamula munthu mmodzi pamene palibe yemwe wapita kukaimitsa lole imene ikutsetsereka kuchokera kumtunda. Pa maliro pamasonkhana anthu mazanamazana koma sipaoneka chisokonezo, chifukwa adzukulu akudziwa kuti kumanda n'kwawo, amayi akudziwa za nkhuni, madzi ndi ufa, ndipo a mfumu akaimirira aliyense amatseka pakamwa. Anthu omwewo akafika pa ngozi amapeza palibe wawagawira zochita.

Chinthu choyamba chimene khamu limachita ndi kuima n'kumayang'anana. Aliyense amafunsa mnzake kuti chachitika n'chiyani, ndipo poona kuti ena sakusuntha, nayenso amaganiza kuti mwina nkhaniyo ndi yaing'ono. Moto ukabuka m'holo kapena m'tchalitchi, kuchedwa kumeneku n'koopsa kuposa kuthamanga. Akayamba kutuluka, pafupifupi onse amalunjika khomo limene analowera ngakhale khomo lina lili pafupi, ndipo mayi amene mwana wake ali mbali ina sangatuluke asanamupeze, angakhale mutamukalipira bwanji. Zimenezi n'zachibadwa, choncho woyang'anira malo azikonzekere: makomo ena azitchulidwa msonkhano usanayambe, akhale osakiya, ndipo ana azikhala pamene makolo akudziwa.

Munthu amene wayamba kulankhula momveka ndiye amatsatidwa, kaya ndi mphunzitsi, kondakitala kapena mayi wa zitumbuwa. Koma kalankhulidwe kake kali ndi luso. Mukakuwa kuti "wina aimbire apolisi", palibe adzaimba, chifukwa aliyense akuyesa kuti mnzake waimba kale. Lozani munthu mmodzi, mutchuleni ndi chimene wavala, mupatseni ntchito imodzi, ndipo mumuuze kuti adzakuuzeni akaichita: "Achimwene a malaya ofiira, imbirani apolisi, muwauze kuti ndi pa mlatho, ovulala alipo asanu ndi mmodzi, mukatha mundiuze." "Amayi inu, ndibwerekeni chitenjecho." Mawu akuti "musachite mantha" sathandiza kanthu, amangouza anthu kuti pali choopsa popanda kuwauza kolowera. Nenani chimene chachitika ndi chimene achite: moto uli kukhitchini, tonse titulukire khomo la kumanzere. Kubisa zoona poopa chipwirikiti ndi kumene kumabala mphekesera, ndipo mphekesera ndi imene imathamangitsa anthu mbali yolakwika.

Pa ngozi ya pamsewu

Ntchito yoyamba ili kutali ndi wovulalayo. Tumizani anthu awiri mbali iyi ndi awiri mbali inayo, apite mamita osachepera 100, kapena kutalika kwa bwalo la mpira, akaike nthambi ndi kubayibitsa galimoto ataima kunja kwa tala. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi, ndiye nthambi zoikidwa mapazi khumi kuchokera pa ngozi ndi zokongoletsa chabe. Pakakhala pokhota kapena pachitunda, apitirire mpaka pamene dalaivala angawaone asanakhote. Usiku ayatse matochi a mafoni, awalozetse pansi ndi kuwagwedeza, osawalitsa m'maso mwa dalaivala. Wina azimitse injini ya galimoto yochita ngoziyo, aike miyala kumatayala, ndipo wosuta fodya aliyense atalikire.

Oonerera simungawathamangitse, ndipo kulimbana nawo n'kutaya nthawi. Apatseni ntchito yopanga mpanda: a kutsogolo agwirane manja, abwerere m'mbuyo mapazi asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo iwowo ndiwo aziletsa ena kulowa. Munthu amene mphindi yapitayo amakankha kuti aone amasanduka mlonda waukali akangopatsidwa udindo. Amayi awiri kapena atatu atambasule zitenje kutchinga wovulala amene zovala zake zang'ambika.

Khamu limathamangira amene akulira kwambiri. Komatu amene akukuwayo akupuma. Yambani ndi amene ali chete. Ngati wakomoka koma akupuma, mugonekeni cham'mbali, mutu, khosi ndi msana zikutembenukira pamodzi, kuti magazi kapena masanzi asamutsamwitse. Funsani kondakitala kapena wokwera amene ali bwino kuti munali anthu angati, kenako tumizani anyamata afufuze m'tchire ndi m'ngalande. Okwera pamwamba pa katundu pa lole kapena kumbuyo kwa pikiapu amaponyedwa patali, ndipo mwana wamng'ono m'udzu wa m'dzinja saoneka.

Magazi ndiwo amapha msanga pamene anthu akanatha kupulumutsa. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana malita 5, ndipo akataya malita 2 moyo uli pachiswe. Pindani chitenje kapena malaya oyera, ikani pabala, dinikizani mwamphamvu kwa mphindi 10 osatukula kuti muone. Kusuzumira kumachotsa magazi amene ayamba kuundana. Nsalu ikanyowa, onjezerani ina pamwamba. Valani jumbo kumanja ngati magolovesi palibe. Ngati magazi akuthovoka pamkono kapena pamwendo ndipo kudinikiza kwalephera, mangani nsalu yotambalala masentimita 5 mpaka 7 kumtunda kwa bala, osati pa mfundo, lowetsani kamtengo n'kupotokola mpaka magazi asiye, ndipo lembani nthawi imene mwamanga. Waya, chingwe chopyapyala kapena lekeni zimadula mnofu. Dothi, mafuta a mabuleki ndi fodya wosinja zisayandikire bala.

Ponyamula m'pamene mtima wabwino umalumaza anthu. Munthu wothyoka khosi kapena msana akagwidwa wina mikono wina miyendo, mutu ukulendewera, akhoza kufa ziwalo moyo wake wonse chifukwa cha kanyamulidweko. Ngati akudandaula khosi kapena msana, kapena akuti miyendo sakuimva, musamusunthe pokhapokha pali moto kapena madzi. Ikafika nthawi yomunyamula pafunika anthu anayi kapena asanu ndi chinthu cholimba chathyathyathya, chitseko kapena thabwa lalikulu. Mmodzi agwire mutu ndi manja awiri, ndipo iyeyo yekha ndiye awerenge kuti onse atukule pamodzi. Wa njinga yamoto musamuvule chisoti ngati akupuma bwino. Wovulala khosi kapena msana agone kumbuyo kwa pikiapu, asapindidwe pa mpando wa galimoto yaing'ono, ndipo pa kabaza ayi ndithu. Madzi akumwa, ngakhale apemphe chotani, musamupatse. Angafunike opaleshoni, ndipo wokomoka amatsamwa nawo.

Wovulala aliyense apite ndi munthu mmodzi womuperekeza, ndipo wina atsale ndi pepala akulemba mayina, galimoto imene yatenga aliyense ndi chipatala chimene yalowera. Popanda pepala limeneli abale amazungulira zipatala usiku wonse. Imbirani kuchipatala kuti mukubwera ndi anthu angati. Chipatala chaching'ono cha kumudzi chingatseke bala ndi kuika diripi, koma wothyoka ntchafu kapena wovulala m'mutu afunika chipatala cha boma cha Kasungu, chimene chimatumiza ovutikitsitsa ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Katundu wa ovulala aunjikidwe pamodzi ndipo apatsidwe munthu wodziwika, a mfumu kapena tcheyamani wa msika, pamaso pa anthu. Akuba pa ngozi amakhala ochepa, ndipo amabera pamene katundu alibe mwini. Za zithunzi tinene mosabisa: kujambula mtembo n'kuponya pa WhatsApp ndi nkhanza, mayi asamve za imfa ya mwana wake pa gulupu ya mpingo. Dalaivala naye atetezedwe. Mkwiyo umayamba ndi anthu awiri kapena atatu, ndipo ukapanda kuzimitsidwa m'mphindi zoyambirira ena amatengera lamulo m'manja. Akuluakulu awiri aime naye, amuchotse pamaso pa anthu mpaka apolisi afike, ndipo anyamata amene ayamba kutola miyala apatsidwe chitseko anyamule wovulala.

Pali ngozi imodzi imene thandizo lake ndi kuthawa basi: thankala ya mafuta ikagwa. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imayenda pansi n'kudzaza m'ngalande, ndipo kamoto ka ndudu, mbaula kapena waya wa batire kamayatsa malo onse nthawi imodzi. Ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mu Novembala 2016, anthu oposa 70 anafa akutunga mafuta pa thankala imene inali pa ulendo wobwera ku Malawi kuno. Mafuta akamatayika talikirani mamita 300, kumbali imene mphepo ikuchokera, ndipo thankala ikagwira moto, mamita 800. Woyamba kufika ndi chigubu ndiye amaitana ena onse, choncho ameneyo ndiye woyenera kubwezedwa.

Mpanipani

Apa mpofunika kufatsa, chifukwa nkhani ya mpanipani anthu ambiri amaimva molakwika. Tikamva kuti anthu afa pa chipata timati apondana pothawa. Kawirikawiri amakhala kuti sanathamange n'komwe. Amafa ataimirira, chifuwa chitapanikizidwa mpaka kulephera kukoka mpweya. Pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, anthu 2 amaima momasuka, anthu 4 ayamba kukhudzana mapewa, ndipo akafika 6 kapena kuposa munthu sasankhanso kopita, amangotengedwa. Ubongo ukasowa mpweya kwa mphindi 4 mpaka 6 umayamba kuonongeka. Ana ndi anthu aafupi ndiwo amayamba kubanika. Pa 6 Julaye 2017, pa chikondwerero cha ufulu wodzilamulira ku Bingu National Stadium ku Lilongwe, anthu 8 anafa pa chipata, ambiri mwa iwo ana, zipata zitachedwa kutsegulidwa anthu atadzadza kale panja. Pa bwalo la mpira la Hillsborough ku England mu 1989 kunafa anthu 97, ndipo ku Itaewon mu mzinda wa Seoul mu 2022 anthu oposa 150 anafera m'kanjira kopapatiza.

Kuno zoterezi zingachitike pa chipata cha bwalo la mpira, pa msonkhano wa ndale, pa depoti ya ADMARC chimanga chikasowa, pogula fetereza wotsika mtengo, kapena pogawa chimanga cha thandizo. Gwero lake ndi limodzi: a kumbuyo sadziwa zimene zikuchitika kutsogolo. Iwo akuona mpata patsogolo pawo, amasendera phazi limodzi, ndipo phazi limodzi la anthu chikwi likafika pa geti lasanduka mphamvu yopinda chitsulo. Palibe amene ali ndi cholinga choipa. N'chifukwa chake kukalipira kapena kukwapula a kutsogolo n'kulanga anthu amene akufa kale. Mpanipani umamasulidwa kuchokera kumbuyo. Wina akwere pamalo okwera, pa lole kapena pa khoma, ndi chimkuzamawu, auze a kumbuyo zoona: kutsogolo ana akubanika, aliyense abwerere mapazi atatu. Anthu akamva zimenezi amabwerera, ndipo uthengawo amapatsirana okha. Nyimbo zizimitsidwe kuti mawu amveke. Utsi wokhetsa misozi pamalo otsekeka ndi woopsa zedi, chifukwa umathamangitsira anthu onse pa khomo limodzi. Ndi zimene zinachitika pa mabwalo a mpira ku Accra ku Ghana mu 2001 kumene kunafa anthu 126, ndi ku Kanjuruhan ku Indonesia mu 2022 kumene kunafa 135.

Inu muli mkati, chizindikiro choti muchoke ndi pamene anthu akukukhudzani mbali zonse ndipo simungathe kukweza dzanja kufika kumaso. Musadikire kuti zifike poipa. Zikafika poipa, kwezani mikono patsogolo pa chifuwa ngati wankhonya kuti nthiti zipeze mpata, musalimbane ndi funde, yendani nalo mukutsetserekera cham'mbali pang'onopang'ono, ndipo pewani khoma, mpanda ndi geti. Foni kapena nsapato ikagwa isiyeni. Musakuwe mopanda phindu, mpweyawo muufuna. Mwana mukwezeni pamapewa. Mwana woberekedwa kumsana ndiye ali pamalo oipitsitsa chifukwa amapanikizidwa pakati pa amake ndi munthu wa kumbuyo, amake osaona. Wina akagwa, oyandikana naye amudzutse nthawi yomweyo, popeza pamene wagwapo pamasanduka dzenje logweramo ena.

Wotulutsidwa mu mpanipani amene sakupuma agonekedwe chagada pamalo olimba. Dinikizani pakati pa chifuwa ka 30, kulowa masentimita 5 mpaka 6 kwa wamkulu, pa liwiro la 100 mpaka 120 pa mphindi, kenako muuzireni mpweya m'kamwa kawiri, n'kubwerezanso. Kwa mwana dzanja limodzi likwanira. Ntchitoyi ndi yotopetsa, muzisinthana mphindi ziwiri zilizonse. Kumuthira madzi ndi kumukupiza ndi chitenje sikubwezeretsa mpweya.

Okonza misonkhano awerengere masamu awa. Khomo la mita imodzi limadutsa anthu pafupifupi 80 pa mphindi ngati akungoyenda osaimitsidwa. Anthu 2,000 pa khomo lotere afunika mphindi 25, ndipo mukamaona matikiti kapena kusecha, nthawiyo imachuluka kangapo. Tsegulani zipata anthu asanaunjikane, polowera pakhale posiyana ndi potulukira, ndipo geti lotsekedwa anthu atalitsamira lisatsegulidwe mwadzidzidzi, chifukwa a kutsogolo amagwa chafufumimba ena n'kuwagwera. Yambani mwabweza a kumbuyo. Pogawa chimanga kapena fetereza, chimene chimakankhitsa anthu ndi mantha oti zitha asanalandire. Nenani matumba alipo angati, gawani manambala m'mawa, itanani mudzi umodziumodzi ena atakhala pansi pamthunzi patali ndi lole, okalamba, oyembekezera ndi olumala ayambe. Khamu lokhala pansi silipanikizana. Ndipo mchitidwe woponya malaya, zitenje kapena ndalama kuchokera pa galimoto pa misonkhano ya ndale uyenera kutha, chifukwa umagwetsa anthu dala pakati pa chikhamu.

Moto, chitsime ndi njovu

Pa moto anthu a kumudzi amadziwa kale kuthandizana, paja amati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Chongowonjezera n'chakuti mizere ikhale iwiri kuchokera pa mjigo, wina wopatsirana ndowa zodzadza, wina wobweza zopanda kanthu, m'malo moti aliyense azithamanga ndi yake. Chigafa kapena denga la udzu likayaka kwambiri silipulumutsika. Madziwo anyowetse nyumba ndi zigafa za kumene mphepo ikulowera, ndipo udzu wa pafupi usasulidwe. Werengani anthu a m'nyumbamo mokweza, ndipo wina agwire mwini nyumba, chifukwa ndi amene amabwerera mkati kukatenga ndalama za fodya. Moto wa petulo, wa mafuta ophikira kapena wa magetsi suthiridwa madzi, umafuna mchenga kapena dothi. Wopsa athiridwe madzi ozizira kwa mphindi 20, popanda mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta.

Chitsime chimapha opulumutsa. Pansi pa chitsime chakuya pamatha kukhala mpweya woipa wosanunkha, makamaka ngati munalizidwa injini yopopera madzi, ndipo wolowa kukatenga mnzake amakomoka asanamukhudze, wachitatu n'kutsatira. Munthu akakomoka m'chitsime popanda chomumenya, dziwani kuti ndi mpweya, ndipo ntchito yoyamba ya khamu ndi kugwira m'bale wake amene akufuna kudumphiramo. Yesani kumukola ndi chingwe kapena ngowe muli kumtunda, kupizirani mpweya pansi, ndipo itanani thandizo. Anthu atalikirenso pamlomo pa chitsime, dothi lofewa limagumuka ndi kulemera kwawo.

Midzi yoyandikana ndi nkhalango ya Kasungu ili ndi vuto lakelake, makamaka chibwerereni njovu 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022. Njovu ikalowa m'munda masana, anthu amakhamukira kukaiona, ana patsogolo, n'kuizungulira akukuwa ndi kugenda. Njovu yotsekeredwa mbali zonse imadzitsegulira njira pa anthu. Mbali yoloza kunkhalango isiyidwe yopanda munthu, ana ndi agalu atsekeredwe m'nyumba, aphunzitsi asatulutse ana a sukulu, ndipo mmodzi aimbire alonda a zanyama.

Zonsezi zimayenda bwino ngati mudzi kapena msika unagawana ntchito kale. Makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, amene amagwira ntchito ndi khonsolo ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zoterezi ya DoDMA, komanso anthu ongodzipereka a Red Cross, ndi poyambira pabwino. Pa msika uliwonse wa m'mbali mwa msewu payenera kukhala wenzulo, chingwe, tochi, magolovesi, thabwa lonyamulira munthu, ndi pepala lomatidwa poonekera lokhala ndi manambala a foni a polisi yapafupi, a chipatala, ndi a anthu awiri kapena atatu amene ali ndi pikiapu. Za mafuta a galimotoyo mugwirizane lero kuti adzalipira ndani, chifukwa kukambirana mtengo wovulala ali pansi kumadya mphindi zambiri. Anyamata a kabaza, amene amafika paliponse msanga, ndiwo oyenera kuyamba kuphunzitsidwa kuletsa magazi ndi kunyamula munthu.

Khamu limabalalika ambulansi ikangonyamuka, koma ovulala amafunabe anthu mawa lake. Kuchipatala kukafunika magazi, ndipo munthu wathanzi amapereka pafupifupi theka la lita popanda vuto, choncho amene angathe atsatire. Wapaulendo amene kwawo ndi ku Karonga kapena ku Mulanje amagona m'chipatala wopanda womudikirira mpaka abale afike, ndiye pa pepala la mayina lija onani amene alibe m'bale pafupi, mipingo kapena komiti ya msika igawane masiku omutengera phala ndi madzi osamba.